Mavitamini sachiza kapamba wotupa

Achemwali, mapilisi a ma antioxidant mukufunsawo, a vitamini C, E ndi selenium, sangachize kutupa kwa kapamba (pancreas, chiwalo chothandiza kugaya chakudya ndi kuwongolera shuga m'magazi) wa amuna anu. Ena amangowachepetsera ululu pang'ono, basi. Bambo anga ku Katete anamwa miyezi itatu, koma ululu wa pamimba wolasa mpaka kumsana unkawadzutsabe usiku, atapinda mawondo pamphasa. Zinayamba kusintha atasiyiratu kachasu ndi fodya, n'kuchepetsa nyama yonona ndi vitumbuwa. Ngati amuna anu amasuta, asamwe mapilisi okhala ndi beta-carotene (imene thupi limaisandutsa vitamini A), chifukwa amawonjezera ngozi ya khansa ya m'mapapo.

Musanagule chilichonse, pitani nawo ku Chipata Central Hospital akayezedwenso shuga. Akamawonda, kapena chimbudzi chikamatuluka chamafuta n'kumayandama, auzeni adokotala msanga. Mwina akufunika mapilisi othandiza kugaya chakudya.