Kalatayo musaipange lamineti

Achimwene, pa funso lanu la kasungidwe ka kalata yosainidwa ndi katswiri wa zisudzo: kalatayo musaipange lamineti ayi, pulasitiki ija imamatirira ndi kutentha ndiye simungaichotsenso osang'amba pepala, mtengo wake umatsikiratu. Ine ndinaonongapo imodzi yomwe ndinalandira nditalembera wosewera zisudzo wina wa ku West End (dera la nyumba zazikulu za zisudzo ku London) kudzera ku stage door (khomo lolowera osewera pa nyumba ya zisudzo), mpaka pano zimandiwawa mumtima. Makalata enawo ndimasunga mu maenvulopu a acid-free (opanda asidi woononga pepala) m'kabati mouma, osakoleka pakhoma chifukwa inki imasuluka msanga ndi dzuwa. Koma ngati mukuganiza zogulitsa kaonetseni kaye akatswiri a ku Bonhams kapena Christie's (makampani ogulitsa zinthu pa okishoni), chifukwa masiginecha ena amakhala a makina osainira otchedwa autopen kapenanso analemba ndi asekilitale.