Bomba long'amba dziko lapansi pakati

Achimwene, bomba la nyukiliya long'amba dziko lapansi pakati limene mukufuna kuika m'nkhani yanuyo silingatheke, ndipo funso lanu lakuti kodi lingatheke landitokosa pachilonda. Ine ndinalembapo nkhani yopeka ya bomba la kobalt, lomwe katswiri wa sayansi Leo Szilard analifotokoza pa wailesi mu 1950. Limeneli ndi bomba lokutidwa ndi chitsulo cha kobalt, chimene pophulika chimasanduka fumbi lakupha la kobalt-60, ndipo ukali wa fumbilo umatenga zaka zoposa 5 kuti utsike ndi theka. Silisweka dziko, koma limapha anthu pang'onopang'ono kumene fumbi lagwera.

Pa mpikisano wa alembi, mkulu wina woweruza anaimirira pamaso pa gulu, magalasi ali pamphuno, nawerenga tsamba langa mokweza ndi mawu onyogodola, akuimaima kuti anthu aseke. Atamaliza analikhwatcha ndi cholembera chofiira, nanena kuti fumbi silingaopse munthu ndipo ndikaphunzire kaye sayansi. Ndinangozyolika, manja ali thukuta lokhalokha, pamene mayi wina kumbuyo kwanga ankaseka mpaka kutsokomola. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti mkulu yemweyo anapereka mphoto kwa nkhani ya bomba limodzi lomwaza dziko lonse ngati mbiya yogwa pamutu, akuitamanda kuti ndi yofufuzidwa bwino. Kusadziwa si mlandu, koma wake uja kunali kudzikuza.

Bomba lalikulu kuposa onse amene anaphulitsidwapo, Tsar Bomba, linayesedwa ndi Soviet Union ku zilumba za Novaya Zemlya pa 30 Okutobala 1961 ndi mphamvu ya mamegatani pafupifupi 50 (megatani imodzi ndi mphamvu ya matani miliyoni imodzi a wonga wa TNT), koma zilumbazo zilipobe. Mukachulukitsa mphamvu ya bomba ka 1,000, mtunda umene kuphulikako kumagwetsa nyumba umangokula ka 10, ndipo bomba likakula kwambiri mphamvu yochuluka imathawira kumwamba. Ngakhale chimwala chochokera mumlengalenga chimene chinagwa ku Chicxulub ku Mexico zaka 66 miliyoni zapitazo, chomwe mphamvu yake inaposa kutali mabomba onse a anthu ataphatikizidwa, chinafafaniza zamoyo zambiri koma dziko silinang'ambike.

Komabe musadzivutitse ndi masamu amenewa. Lembani bomba lanu long'amba dzikolo, popeza ndi zimene oweruza amakonda, kungoti musatchule chiwerengero cha mamegatani, chifukwa ena a ife m'gulu muno tidzakhala pansi n'kuwerengera.