Zaka 6 za pamzere zinathera pa chinkhoswe

Achemwali, ndawerenga funso lanu ndili pa ntchito ya usiku ndipo mtima wangoti phaa, chifukwa pamene mwaima inupo ndi pamene ndinaima ine mu 2016. Green card muli nayo, mwana wa zaka 23 anatsala kumudzi, mukufuna kudziwa kuti afika liti kuno ku America. Sindikubisirani. Konzekerani zaka 8 kapena 9, ndipo zaka zonsezo asalowe m'banja. Amene akukuuzani m'makomentimu kuti wawo anabwera chaka chisanathe n'komwe, afunseni kuti mwanayo anali ndi zaka zingati. Wosakwana 21 amakhala pa mzere wina, F2A, umene nthawi ina unkayenda popanda kudikira. Wanuyo ndi F2B, mzere wa ana a munthu wa green card amene anakwana zaka 21 koma sali pabanja, ndipo F2B amapereka maviza pafupifupi 26,000 okha pa chaka, ogawana dziko lonse lapansi. Ife a ku Malawi tili bwinoko poyerekeza ndi anzathu a ku Mexico ndi Philippines amene amadikira kuposa apo, koma bwinoko wake ndi ameneyo.

Ine ndinabwera kuno ku Indiana mu 2015 ndi DV, lotale ya green card ija. Ang'ono awiri ndinakwera nawo ndege. Wamkulu, mtsikana, anali atapitirira kale 21, ndiye anatiperekeza ku KIA n'kubwerera yekha ku Area 25 kwa mng'ono wanga. Ndinamulonjeza pa eyapoti pomwepo kuti chaka chamawa ngati chino tidzakhala tili limodzi. Ndinkanena zochokera pansi pa mtima, sindinkadziwa kanthu.

Nditangopeza ntchito yosamalira okalamba ndinayamba kufunsafunsa. Anthu anandilozera bambo wina, m'Malawi mnzathu, amene ankadziwika kuti ndi katswiri wa mapepala. Si loya, koma pa zikondwerero zathu aliyense ankamupatsa mpando wa kutsogolo. Anandilembera I-130, fomu yoitanira m'bale wako kuno, ndinamulipira ndalama zake, kuwonjezera pa 420 dollars ya boma ya nthawi imeneyo. Fomuyo analemba bwino, pamenepo sindingamunamizire. Risiti inabwera, priority date (tsiku limene analandira fomu) ili pamwamba pake, ndipo kenako kalata yoti yavomerezedwa. Tsiku limenelo ndinaimba foni kumudzi ndikululutira. Palibe anandiuza kuti kuvomerezedwako ndi kupatsidwa nambala chabe, ngati kachiphaso ka pa mzere wa kuchipatala. Viza yeniyeniyo imatuluka pokhapokha tsiku la pa Visa Bulletin, chikalata chimene boma la America limatulutsa mwezi uliwonse, likafika pa priority date yanu.

Ndiye ndinaphunzira kuwerenga Visa Bulletin ngati mmene ena amawerengera Baibulo m'mawa. Mwezi uliwonse ikatuluka ndinkatsegula foni, chala n'kutsetsereka mpaka pa F2B. Mwezi wina lasuntha masabata atatu, mwezi wina sabata imodzi. Kenako linangoima pa September 2015, miyezi ndi miyezi, zaka ziwiri zathunthu osagwedezeka, ine wanga ali mu 2016 pafupi pomwepa. Anthu kutchalitchi ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinadekha. Koma amene ankadekha kwambiri ndi mwana wanga, chifukwa moyo umene unaimitsidwa unali wake. Anzake onse a kusekondale anakwatiwa iye akuwaimira pa maukwati. Ntchito yabwino itapezeka ku Mzuzu anaikana, ati mayi andiitana posachedwa. Anayesako viza yongodzacheza kuti adzaone azibale ake, koma munthu amene mayi ake anamulembera kale I-130 n'kovuta kuti akhutiritse aliyense kuti adzabwerera, ndipo sizinatheke.

Tsono mverani pamene bambo uja anandiphera.

Mu 2020 ndinakwanitsa zaka 5 ndi green card, ndimayenera kulemba N-400 kuti ndikhale nzika. Ndinamufunsa. Anati musayerekeze, mukakhala nzika pepala la mwana wanu lichoka pa mzere likayambirenso kumbuyo. Bodza lenileni. Mukakhala nzika pepala limasamukira ku F1, mzere wa ana a nzika amene sali pabanja, koma priority date imakhala yomweyo, ndipo ngati F2B ikuyenda msanga kuposa F1, mwanayo ali ndi ufulu wolemba kalata yopempha kuti atsale ku F2B. Ine zimenezi ndinazidziwa mochedwa. Ndinataya zaka ziwiri ndikuopa chinthu chimene kulibe. N-400 ndinailemba mu 2022, nditamva kwa namwino wina wa ku Kenya amene timagwira naye ntchito.

Chaka chomwecho mwana wanga anaima. Anali ndi zaka 29, mnyamata wake ndi wolongosoka, mphunzitsi, anakhala pa ubwenzi zaka zinayi akudikira ine ndi mapepala angawa. Amalume ake anakhala pansi n'kunena kuti mwana sangabadwire pa bwalo ngati alibe bambo, chinkhoswe chichitike mimba isanaonekere. Ndipo sankalakwa, kwathu ndi mmene timachitira. Ine ndinaimbira bambo uja foni, ndikukumbukira ndinali ndikusita yunifolomu. Ndinamufunsa molunjika kuti kodi chinkhoswe chisokoneza? Anaseka. Anati mayi, pepala lanu linavomerezedwa kalekale, komanso azungu chinkhoswe sachidziwa, iwo amawerenga ukwati wa kwa DC kapena wa kutchalitchi basi. Pitani mukavine.

Ndinapita. Ndinagwira madabulo shifiti miyezi iwiri kuti ndipeze ya tikiti ndi ya nsalu. Mu August 2022 ankhoswe anasinthana tambala ndi thadzi ine ndili pomwepo, ndinavina pelekanipelekani mpaka miyendo kutupa. Mu December chaka chomwecho ndinakweza dzanja n'kulumbira kukhala nzika ya America. Werengani nokha. Miyezi inayi.

Mu January 2023 ndinati tsopano ndipite kwa loya weniweni andithandize kudziwitsa NVC, ofesi yokonza mapepala a viza asanapite kwa a kazembe, kuti ndine nzika, andiuzenso ngati titsale ku F2B kapena tipite ku F1. Ndinanyamula fayilo yanga yobiriwira ija, makalata onse kuyambira 2016 ali mu mapulasitiki, satifiketi ya unzika pamwamba. Kunja kunali chisanu choopsa koma ine ndinavala bwino ngati ndikupita ku ukwati. Loyayo anali mayi wachikulire, wofatsa. Anatsegula fayilo, akugwedeza mutu kuti zili bwino, priority date yanu yayandikira. Ine chimwemwe chitandikwana ndinatulutsa foni kuti ndimuonetse mwana amene tikumukambayo. Chithunzi chimene chinatseguka ndi cha pa chinkhoswe, iye atagwada pa mphasa pafupi ndi mwamuna wake, onse atavala nsalu yofanana. Mayiyo anavula magalasi. Anafunsa kuti uwu ndi mwambo wanji. Ndinamufotokozera mokondwa, ndinamuuzanso za nkhuku zija. Anafunsa kuti kwanuko anthu amenewa amatengedwa ngati banja? Ndinati eya, ndi banja, akukhala nyumba imodzi. Anafunsa tsiku. Ndinamuuza. Anayang'ana pa satifiketi yanga, n'kuyang'ananso pa foni. Kenako anatseka fayilo ija pang'onopang'ono ndi manja awiri, n'kuikankhira kwa ine.

Anandiuza kuti wa green card alibe mzere wa mwana wa pabanja. Kulibe. Mwana akalowa m'banja kholo lisanakhale nzika, pepala limafa lokha tsiku lomwelo, popanda kalata yokudziwitsani. Ndipo America imawerenga ukwati ngati uli wovomerezeka kumene unachitikira. Anafufuza ine ndili pompo, ndipo lamulo lathu la maukwati la 2015 limaika ukwati wa chikhalidwe pa mlingo umodzi ndi wa kutchalitchi ndi wa kwa DC. Chinkhoswe chija chikanachitika nditalumbira kale, pepala likanangosamukira ku F3, mzere wa ana a pabanja a nzika, ndipo 2016 wanga akanakhalabe wanga. Chinanso chimene chinandilasa: mimba sinali vuto ngakhale pang'ono. Mwana wosakwatiwa amene ali ndi khanda amakhalabe pa F2B, khandalo n'kubwera naye limodzi.

Sindikudziwa kuti ndinatuluka bwanji mu ofesi muja. Ndinakhala m'galimoto osailiza, zala zitauma, fayilo ili pamiyendo. Kumudzi kunali cha m'ma 9 koloko usiku. Ndinaimba. Anayankha akuseka, mimba ili pafupi, ati mayi zayenda bwanji kwa loya, tiyambe kugulitsa katundu? Ndinalephera kuyankhula. Ndinangoti mwana wanga ndikhululukire. Atamva zonse anakhala chete nthawi yaitali, ndinkamva wailesi ikulira kuchipinda kwawo. Ndiye anati, mayi, ndiye ntchito ya ku Mzuzu ija ndinaikaniranji? Funso limenelo mpaka lero limandidzutsa.

Bambo uja ndinamuimbira tsiku lomwelo. Mukudziwa zimene ananena? Ati vuto ndi inu, munamuonetseranji loya zithunzi? Pa DS-260, fomu yofunsira viza, mwanayo angolemba kuti sanakwatiwe, ndani akafufuze ku Area 25? Munthu wamkulu, wa imvi, kundiuza kuti ndimuphunzitse mwana wanga kulumbira bodza pamaso pa a kazembe, zithunzi zili ponseponse pa Facebook. Bodza lotero akaligwira, chiletso chake ndi cha moyo wonse. Bamboyo sangataye kanthu, dzina lake silili pa fomu iliyonse, ngakhale pa malo amene wolembera mnzake amayenera kusaina anasiya posalemba. Kupepesa sanapepese. Pa chikondwerero cha 6 July chaka chomwecho ndinamuona atazunguliridwa ndi anthu atsopano, akuwapatsa nambala yake, mbale ya nsima ili m'manja. Amati safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa kawiri konse, ndipo kawiri konseko anandiyankha molimba mtima zinthu zimene sankazidziwa. Chimene chimandiwawa n'chakuti akanangonena kuti sindikudziwa, pitani kwa loya, bwenzi mwana wanga ali pafupi kufika kapena atafika kale.

Ndinalembanso I-130 yatsopano mu 2023, ku F3. Mzere umenewo panopa ukudutsa zaka 13. Ndili ndi zaka 57 ndi BP. Ndipo dziwani kuti wolembayo akamwalira pepala limafanso, pokhapokha akapempha mwapadera kuti aliukitse, ndipo si onse amene amawamvera. Ndiye mankhwala ndimamwa mokhulupirika. Chabwino chimodzi ku F3 n'chakuti mkamwini ndi mdzukulu wanga adzabwera naye limodzi.

Tsono inu, lembani I-130 sabata ino. Osadikira kuti mukhale kaye nzika, chifukwa priority date ndi tsiku limene alandira fomu yanu, ndipo tsiku lililonse mukuchedwa pali anthu akulowa patsogolo panu. Kuyambira April 2024 ndi 625 dollars pa intaneti, 675 dollars ya pepala. Fomuyo si yovuta, mukhoza kulemba nokha, simukufunika kulipira munthu. Koma chilichonse chikafuna kusintha pa moyo wa mwanayo, chibwenzi chikafika pa ankhoswe, lipirani ola limodzi la loya wa za immigration, wokhala ndi laisensi, musanagule nsalu. Musamvere wa kutchalitchi, musamvere wa m'gulu lino, ngakhale ineyo tsimikizani zimene ndalembazi. Zaka 5 zikakwana lembani N-400 nthawi yomweyo, amalola ngakhale kutatsala masiku 90, ndipo za kuopa kutaya unzika wa kwathu zinatha, Malawi inavomereza unzika wa mayiko awiri. Mukasamuka nyumba dziwitsani USCIS, ofesi ya boma ya za immigration, pasanathe masiku 10, ndipo fayilo ikafika ku NVC musalole chaka kutha osawayankha, amatha kuitseka. Misonkho muzilemba chaka ndi chaka, adzaifuna pa I-864, fomu yolonjeza kuti mudzamusamalira mwanayo pa ndalama, ndipo malipiro anu ayenera kufika 125 peresenti ya mlingo wa umphawi umene boma limaika, apo ayi mupeze wina wosaina nanu. Zoti azibwera kudzacheza podikirapo musaziwerengere kwambiri. Mu August 2025 anayamba kufuna chikole chofika mpaka 15,000 dollars kwa a Malawi ndi a Zambia ofuna viza yocheza, ndipo malamulo okhudza dziko lathu akungosinthasintha, muziona zimene a kazembe ku Lilongwe alengeza musanalipire chilichonse.

Ndanena kuti asalowe m'banja, ndipo pa malamulo ndi momwemo. Koma achemwali, musamumange mwanayo ngati mmene ndinamangira wanga. Muuzeni zoona lero, kuti ndi zaka 8 kapena 9, osati chaka chamawa. Ntchito ikapezeka agwire, sukulu apite, malo akapezeka agule. Akapeza munthu womukonda ali ndi zaka 28, ine sindingakuuzeni kuti mumuletse chifukwa cha nambala ya pa Visa Bulletin. Mdzukulu wangayo ali ndi bambo ake pakhomo, amamunyamula pakhosi popita ku msika, ndipo ndikaona zimenezo pa foni sindinganene kuti chinkhoswe chija chinali cholakwika. Tikanangochisuntha kufika January basi. Amalume ake akanamva, ndikanawauza kuti tidikire miyezi inayi, akanadikira.

Belu la agogo a m'chipinda chachitatu likulira, ndithamange. Ngati amene akukulemberani mapepala ndi bambo wa kuno ku Indiana amene si loya, ndipezeni ku inbox musanamupatse ndalama.