"Tiona" wa abwana ndi "sindikudziwa" wa mumtima: yankho kwa achemwali amene anandilembera

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amawerenga zimene ndimalemba. Anapempha kuti ndisatchule dzina lawo, choncho ndingowatchula kuti achemwali. Kalata yawo inali yaitali, koma mtima wake ndi uwu:

"Ndatopa ndi kusadziwa. Kuntchito abwana anga sanena chinthu mwachindunji. Ndikafunsa za kontrakiti yanga amati 'tiona'. Akandipatsa ntchito amati 'chitani mmene mukuonera', ndikachita amati si zimene amatanthauza. Kutchalitchi nako, chidwalireni mwana wanga chaka chatha ndili ndi mafunso amene ndimaopa kuwatchula, chifukwa ndinaphunzitsidwa kuti wokayika alibe chikhulupiriro. Kodi vuto ndi ine? Kodi munthu wokhwima sayenera kukhala wotsimikiza pa zinthu?"

Achemwali, vuto si inu. Koma ndikuona kuti mwamanga mtolo umodzi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo n'chifukwa chake ukukulemerani chonchi. Pali nkhungu imene anthu amaifukiza dala kuti abisalemo. Palinso nkhungu imene ilipo ndithu, yoti ngakhale munthu woona mtima sangaichotse. Ya abwana anu ndikuikayikira kuti ndi yoyambayo. Ya mumtima mwanu ndi yachiwiriyo. Mankhwala ake si amodzi.

Ndiyambire pa mawu enieniwo, poti ndi kumene ine ndinaphunzirira nkhaniyi, ndipo ndinaphunzira mowawa.

Zaka zapitazo ndinkagwira ntchito yomasulira pachipatala china, pakati pa dokotala wosadziwa Chichewa ndi odwala. Tsiku lina kunabwera agogo ena aakazi. Anapatsidwa mapiritsi amitundu iwiri, ena akumwa m'mawa, ena theka lokha usiku. Ndinafotokoza zonse mmene dokotala ananenera, kenako ndinafunsa kuti, "Agogo, mwamva?" Iwo anayang'ana timapepala tamankhwala timene anali atafumbata, n'kuyankha motsitsa kuti, "Ndamva, mwanangu." Ine ndinatembenuka n'kuuza dokotala kuti amvetsa. Patapita masiku asanu anabweranso atafookeratu, mdzukulu wawo atawagwira mkono. Ankamwa mapiritsi onse pamodzi m'mawa, athunthu. Mwamwayi anachira. Koma nkhope ya mdzukulu uja, akundiyang'ana ine amene ndinali pakati, sindinaiiwale.

Agogo aja sananame. "Ndamva" wawo ankatanthauza kuti mawu anu afika m'makutu mwanga ndipo ndakulemekezani. Ine ndinasankha tanthauzo limene linkandipeputsira ntchito. Taganizani mmene liwu lakuti kumva lilili lotakata. Timamva phokoso, timamva ululu, timamva fungo, timamva njala, timamva Chingelezi, ndipo mwana wosamva nthawi zambiri makutu ake ndi abwinobwino. Kuchokera tsiku limenelo ndinasiya kufunsa kuti "mwamva?" Ndinayamba kufunsa kuti, "Tandiuzeni, mawa mukadzuka mumwa ati? Nanga usiku?" Funso lotere limatenga mphindi imodzi yokha, koma limatseka dzenje limene munthu akanagweramo.

Musaganize kuti ndi Chichewa chokha chili chonchi. Pa 27 Marichi 1977, pabwalo la ndege la Los Rodeos pachilumba cha Tenerife, ndege ziwiri zikuluzikulu za Boeing 747, ina ya kampani ya KLM ina ya kampani ya Pan Am, zinawombana zili pansi ndipo anthu 583 anafa. Mpaka lero palibe ngozi ya ndege imene inapha anthu ambiri kuposa imeneyi. Kunali nkhungu yoti woyang'anira ndege pansanja sankaziona ndegezo. Wothandizira woyendetsa ndege ya KLM ananena pawailesi mawu oti akhoza kumveka pawiri, kuti "tikunyamuka" kapena kuti "tili pamalo onyamukira". Wapansanja anamva tanthauzo lachiwirilo, nayankha kuti "OK", ndipo mawu ake otsatira, owauza kuti adikire kaye, anasokonezeka chifukwa a Pan Am analankhula nthawi yomweyo. Chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti m'ndege ya KLM munali munthu mmodzi amene anakayika. Injiniya wam'ndegemo anafunsa ngati ndege ya Pan Am inali itachokadi pamsewu wonyamukira. Kaputeni, munthu wodziwa ntchito yake kwambiri, anayankha motsimikiza kuti inde. Wokayikayo ndi amene ankalondola. Ngoziyi itachitika malamulo a kalankhulidwe ka pawailesi anasinthidwa, moti liwu lakuti "takeoff" (kunyamuka) limanenedwa pokhapokha popereka kapena pochotsa chilolezo chonyamuka.

Ndiye mukandifunsa ngati munthu wokhwima ayenera kukhala wotsimikiza, ndikukumbutsani za kaputeni uja. Kutsimikiza ndi mmene munthu akumvera mumtima, sikutiuza ngati chinthucho chili choona.

Tsopano tibwere kwa abwana anu. "Tiona" alipo wamitundu iwiri. Wina ndi wa munthu amene sakudziwadi, mwina ndalama za chaka chamawa sizinavomerezedwe, mwina chigamulo chili m'manja mwa ena apamwamba. Wina ndi wa munthu amene akudziwa koma akufuna khomo lothawira. Mungawasiyanitse mosavuta. Woona mtima mukamufunsa kuti "tiona chiyani, ndipo liti?" amatha kukuuzani chimene akudikira. Wobisala amakwiya kapena amasintha nkhani. "Chitani mmene mukuonera" nayenso ndi chimodzimodzi. Akachokera kwa bwana amene amakudalirani ndi mphatso, chifukwa wakupatsani mpata wogwiritsa ntchito nzeru zanu. Akachokera kwa bwana amene adzakukanani zikalakwika, ndi msampha: zikayenda bwino ulemu ndi wake, zikavuta mlandu ndi wanu.

Malangizo anga ndi omwe aja ndinaphunzira kwa agogo. Musafunse kuti "mukutanthauza chiyani?" chifukwa adzakuyankhani ndi nkhungu ina. Abwezereni mawu awo atavala thupi. Lembani kauthenga kakafupi, kaulemu: "Bwana, monga tinakambirana, ndikonza lipotili motere ndipo ndipereka Lachinayi. Ngati mumafuna mwina, chonde ndiuzeni pofika mawa." Simunakangane ndi munthu, simunanyoze aliyense, koma tsopano pali tanthauzo limodzi lolembedwa. Za kontrakiti funsani kuti, "Kodi chigamulo chikudikira chiyani, ndipo ndingadzafunsenso tsiku liti?" Safunsa anadya phula. Ndipo ngati miyezi ikupita yankho lili lomwe lija, kusayankhako ndi yankho, yambani kuyang'ana kwina mwakachetechete.

Ndiwonjezere kuti mawu apawiri amene amasiyidwa dala amabwerera mwini wake. Mu 1889 mfumu Menelik II ya ku Ethiopia inasaina pangano ndi dziko la Italy ku Wuchale. Ndime 17 m'Chiamhariki inkanena kuti mfumuyo ikhoza kudzera kwa Italy polankhula ndi mayiko ena ikafuna. M'Chitaliyana inkanena kuti iyenera kutero, zimene zinkatanthauza kuti Ethiopia ali pansi pa Italy. Kusiyana kwa "ikhoza" ndi "iyenera" kunathera kunkhondo ya ku Adwa pa 1 Marichi 1896, kumene asilikali a Ethiopia anagonjetsa a Italy. Mkangano umene mapepala aubisa sutha, umangodikira tsiku lake.

Koma pali mbali ina imene sindikufuna muiphonye, chifukwa inunso tsiku lina mudzakhala wofunsidwa. Pali zinthu zambiri pantchito zimene palibe amene angazidziwe motsimikiza. Dokotala sadziwa ngati mankhwala agwira mwa wodwala uyu. Wolosera zanyengo sadziwa ngati mvula igwa mawa. Luso lawo si kunamizira kudziwa, ndi kunena kukula kwa kusadziwa kwawo momveka. Mu 1951 katswiri wina wa bungwe la akazitape la CIA ku America, Sherman Kent, analemba ndi anzake lipoti lonena kuti panali kuthekera kwakukulu koti dziko la Yugoslavia liukiridwe chaka chimenecho. Mkulu wina wa boma atamufunsa kuti kuthekerako n'kotani, Kent anati pafupifupi 65 pa 100. Atabwerera kukafunsa anzake amene anavomereza limodzi mawu omwewo, anapeza kuti ena ankatanthauza 20 pa 100, ena mpaka 80 pa 100. Onse anasaina chiganizo chimodzi, aliyense ali ndi chake mumtima. Pofuna kupewa vuto lotere, masiku ano bungwe la akatswiri a kusintha kwa nyengo la IPCC limamangirira mawu ake ku manambala: likanena kuti chinthu n'chotheka kwambiri limatanthauza kuposa 90 pa 100. Uku ndiye kukhwima kumene ine ndimakulemekeza. Munthu akhoza kukhala wosatsimikiza koma womveka. "Ndikuganiza kuti zitheka, koma ngati katundu safika Lachiwiri ndiye kuti talephera" ndi mawu okayika, komabe mnzako akhoza kukonzekera nawo.

Ndafika pa mbali ya kalata yanu imene ndinaiwerenga kangapo, ya mwana wanu. Simunanene ngati anachira bwinobwino, ndipo ndikupemphera kuti ali bwino. Apa sindingakupatseni kauthenga kolembera wina aliyense. Mafunso amene mumafunsa usiku pambali pa bedi la mwana wodwala, akuti chifukwa chiyani iyeyu, kodi alipo amene akumva, si nkhungu yofukiza munthu. Ndi mafunso akulu kuposa mawu athu.

Chimene ndikukana ndi mtima wonse ndi chiphunzitso chakuti wokayika alibe chikhulupiriro. Poti mwatchula tchalitchi, tsegulani Maliko chaputala 9. Muli bambo amene mwana wake ankadwala kuyambira ali wamng'ono, ndipo iye anafuula kuti akukhulupirira, napempha nthawi yomweyo kuti athandizidwe pa kusakhulupirira kwake. Zonse ziwiri m'kamwa limodzi, mpweya umodzi. Sanabwezedwe, mwana wake anachiritsidwa. Tomasi anati sakhulupirira mpaka ataona mabala, ndipo anaonetsedwa. Yobu anafunsa mafunso owawa machaputala ambirimbiri, ndipo kumapeto amene anadzudzulidwa kuti sananene zoona za Mulungu ndi anzake atatu aja, amene anali ndi yankho pa chilichonse. Mother Teresa wa ku Calcutta anamwalira mu 1997, ndipo makalata ake atasindikizidwa mu 2007 anthu anadabwa kuona kuti kwa zaka zambirimbiri ankamva mdima ndi chete mumtima mwake, uku akupitiriza kusamalira odwala ndi ovutika. Kwa abale athu achisilamu nakonso, Malik ibn Anas wa ku Medina, mmodzi mwa akatswiri akuluakulu a malamulo a chipembedzocho, amakumbukiridwa kuti sankachita manyazi kuyankha kuti "sindikudziwa", ndipo mpaka lero akatswiri ambiri amatseka mayankho awo ndi mawu akuti Mulungu ndiye adziwa koposa.

Ine ndimaona chonchi. Chikanakhala kuti zonse n'zoonekeratu ngati dzuwa masana, sitikanafuna liwu lakuti kukhulupirira, tikanangoti kudziwa. Liwuli timaligwiritsa ntchito pamene pali mpata woti tikhoza kulakwitsa koma tasankha kudalira. Mumakhulupirira mnzanu wapamtima musanaone zamawa. Anthu amalumbira paukwati asakudziwa matenda ndi umphawi zimene zikubwera. Ndimaopa kwambiri munthu amene sanakayikepo, chifukwa kawirikawiri ndi amene amauza mayi wa mwana wodwala kuti "mukanapemphera mokwanira sizikanachitika". Mawu amenewo ndi ankhanza, ndipo amatuluka mwa munthu amene akuteteza kutsimikiza kwake m'malo moteteza inu.

Pano mpamene kutakata kwa mawu, kuja kunandipweteketsa kuchipatala, kumasanduka chifundo. Tikamati munthu "watisiya", sitikunama ndipo sitikubisa, tikunena zoona m'njira yoti mtima ukhoza kunyamula. Mikuluwiko, zining'a, ndakatulo ndi mapemphero zimakhala ndi moyo chifukwa sizitsekera tanthauzo m'khola limodzi. Salimo limene munaliwerenga muli mtsikana likhoza kukuuzani zina lero, mawu ali omwewo. Mukalipanikiza kuti linene chinthu chimodzi ngati malangizo a mapiritsi, mwalipha.

Ndikupemphani chinthu chimodzi. Mafunso anuwo musakhale nawo nokha. Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Pezani munthu mmodzi, kaya ndi mayi wachikulire mumpingo mwanu, kaya m'busa, kaya mnzanu amene anagonapo kuchipatala ndi mwana, woti mukamuuza kuti "sindikudziwanso ngati Mulungu amandimva" sathamangira kukukonzani. Mudzamuzindikira chifukwa adzayamba wakhala chete, kenako adzafunsa za mwanayo. Ngati woyamba amene mungamuyese akudzudzulani, musaganize kuti onse ali choncho, yesani wina. Ndipo mukandilemberanso, achemwali, mundiuze mmene mwana akupezera, komanso chimene abwana anayankha pa kauthenga kaja.