Amalume, za makamera a pampanda zija

Amalume, mwaswera bwanji ku Mabvuku kumeneko? Uthenga wanu ndaumva, ndipo zithunzi za mpanda ndi geti ndaziona. Mukufunsa kuti mugule ati, makamera 4 a sola oyendera Wi-Fi amene mwawaona m'tauni aja, kapena seti ya mawaya yokhala ndi bokosi lojambulira. Ndiyankha pagulu pompano kuti azakhali amve nawo, paja nawonso angomaliza kuimika durawall, mpanda wa konkire uja. Mundipirire, italikako.

Gulani a mawaya. Ndifotokoze chifukwa chake.

Kamera ya sola imakhala pa batire laling'ono, ndiye kuti batirelo lisathe, kamerayo imagona. Imadzuka pokhapokha kachipangizo kake kakamva kutentha kwa thupi la munthu amene akuyenda, ndipo kamamva pafupi, mamita 8 mpaka 10 basi. Podzukapo imatenga kamphindi. Munthu wodumpha mpanda sachedwa, ndiye mukatsegula kanema m'mawa mumapeza msana wa munthu akutuluka m'chithunzi, nkhope ayi. Chachiwiri, zomwe yajambula imasunga pa kakhadi kamene kali m'mimba mwake momwemo. Wakuba akaizula, wanyamula ndi umboni womwe. Chachitatu, Wi-Fi ikadutsa makoma awiri a njerwa imafika kugeti itafooka, ndipo magetsi a ZESA akathima rauta imathimanso. Kuonjezera apo, mu Januwale ndi Febuluwale kukachita mitambo masiku angapo otsatizana, kasola kaja sikadzaza batire. Sindikuti ndi achabechabe. Pa stand imene simunakokerepo magetsi, kapena pakona yakutali pomwe waya sangafike, amathandiza. Koma pakhomo pogona anthu asakhale iwo odalirika.

Palinso ina yozungulira ija, amati PTZ, ogulitsa amakonda kuionetsa ikutembenuka pafoni. Ikayang'ana kugeti ndiye kuti kuseri sikukuoneka. Makamera awiri oima malo amodzi amaposa imodzi yozungulira.

Tsopano a mawaya ali mitundu iwiri. Pali akale, bokosi lawo lojambulira amati DVR, oyendera waya wa coax, ndipo kamera iliyonse imafunanso waya wina wa magetsi a 12V. Ndi otsikirapo mtengo, amagwira ntchito, koma mawaya akatalika magetsi amafika ochepa, usiku nyali za kamera zikayaka chithunzi chimayamba mizeremizere kapena kuthima kumene. Ena bokosi lawo amati NVR, lokhala ndi chimene amati PoE. Amenewa waya mmodzi yekha amanyamula chithunzi ndi magetsi omwe, kuchoka pabokosi kukafika pakamera, mpaka mamita 100. Tengani amenewa. Ngakhale mukuyamba ndi makamera 4, bokosi likhale la mabowo 8 a PoE, chifukwa mukaona malo amene atsala osaoneka mudzafuna kuonjezera. Hikvision ndi Dahua ndi amene amapezeka kwambiri kuno ku Harare, ndipo amisiri ambiri amawadziwa, kamera ikafa simuvutika kupeza ina. Bokosi ndi makamera zikhale za kampani imodzi, apo ayi zina mwa nzeru zake sizigwirizana.

Pa waya ndi pamene anthu ambiri amapusitsidwa. Funsani Cat6 wa kopa yekhayekha. Pali wina wotchipa wolembedwa CCA, ameneyo ndi aluminiyamu wongopakidwa kopa pamwamba. Musendeni kachingwe kamodzi, mupale ndi mpeni. Kakayera mkati ngati siliva, musiyeni. Amathyoka msanga, amachita dzimbiri polumikizira, ndipo amadya magetsi m'njira, kamera imangozima ndi kuyaka yokha usiku. Panja waya ayende m'paipi ya pulasitiki ya 20mm kapena 25mm, asakhale padzuwa. Polumikizira pakhale m'kabokosi kotseka madzi kuseri kwa kamera, ndipo waya asanalowe m'kabokosimo atsike kaye pansi pang'ono kenako akwere, kuti madzi a mvula azidontha pokhotapo osatsata waya mpaka mkati. Makamera ambiri amene amafa dzinja loyamba, si kamera imene yalowa madzi, ndi polumikizira. Kamerayo payokha ikhale yolembedwa IP66 kapena IP67, chizindikiro choti imapirira madzi ndi fumbi. Ndipo ngati mudzaike waya wamagetsi pamwamba pa durawall, waya wa kamera adutse patali nawo, theka la mita kapena kuposa, osawayendetsa m'paipi imodzi.

Apa tsopano mumvetsetse, Amalume, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Kuona kuti pabwalo pali munthu n'kosavuta, kamera iliyonse imatha. Kuzindikira kuti munthuyu ndi uje, chithunzi choti apolisi n'kugwira nacho ntchito, ndi nkhani ina. Chimene chimalamula ndi lenzi ndi mtunda. Pa kamera ya 4MP, kutanthauza timadontho ta chithunzi 4 miliyoni, lenzi ya 2.8mm imaona motambalala, madigiri pafupifupi 100, koma nkhope imazindikirika bwino mpaka mamita 6 okha. Ya 4mm imaona mocheperako m'mbali, nkhope mpaka mamita 8. Ya 6mm ndi yopapatiza, koma imafika mamita 12. Seti zogulitsidwa m'katoni nthawi zambiri makamera onse amakhala a 2.8mm, chifukwa pa TV m'shopu chithunzi chotambalala chimasangalatsa. Mukaiika pakhoma la nyumba, geti lili mamita 12, munthu wa pageti amangooneka ngati nyerere yovala chipewa. Ndiye musagule katoni yotseka, sankhani kamera iliyonse malinga ndi malo ake.

Malinga ndi zithunzi zanu, ndingakonze chonchi. Yoyang'ana geti ikhale ya 4mm ngati geti lili pafupi, kapena 6mm ngati lapitirira mamita 8. Ntchito yake ndi imodzi, nkhope ya aliyense wolowa. Ikhale mamita 2.5 mpaka 3 kuchoka pansi. Mukaikweza kudenga kwenikweni poopa kuti aiba, izijambula mitu ya anthu kuchokera pamwamba, ndipo wovala kapu simudzamuona nkhope. Yachiwiri ya 2.8mm ione bwalo lonse lakutsogolo ndi poimika galimoto. Yachitatu kuseri, ione chitseko cha kukhitchini, thanki ya madzi ndi pampu. Yachinayi ipite m'kanjira kopapatiza kaja pakati pa nyumba ndi mpanda, iziyang'ana motsata kanjirako, 4mm. Ngati tinjira tili mbali zonse ziwiri, ndiye makamera akhale 5, musasiye mbali imodzi. Onse amangiriridwe pakhoma la nyumba, osati pamwamba pa durawall pomwe munthu wa mumsewu angafikire ndi dzanja. Ndipo yesetsani kuti kamera iliyonse izioneka m'chithunzi cha inzake, kuti wofuna kuiphimba kapena kuitembenuza ajambulidwe akubwera.

Za usiku. Musatengeke ndi 8MP yotchipa. Usiku chofunika ndi kukula kwa sensa, kachipangizo kotola kuwala m'kati mwa kamera, ndiye pabokosi onani nambala ngati 1/3, 1/2.8 kapena 1/1.8. Ya 1/1.8 ndiye yaikulu, imatola kuwala kochuluka. 4MP ya sensa yaikulu imaposa 8MP ya sensa yaing'ono kukada. Makamera wamba usiku amayatsa nyali za infrared, chithunzi chimakhala chakuda ndi choyera, mtundu wa malaya kapena wa galimoto simuudziwa. Pali ena ojambula mitundu usiku wonse, a Hikvision amati ColorVu, a Dahua amati Full-color, amakhala ndi kanyali koyera. Pageti ikani yoteroyo. Kwinako a infrared akwanira.

Vuto la infrared ndi loti kuwala kwake kumabwerera. M'kanjira kaja, kamera ikakhala yogundizana ndi khoma la penti yoyera, kapena denga likatulukira kutsogolo kwake, khomalo limawala mbee, kamera imadzichepetsera kuwala, ndipo kumapeto kwa kanjira kumangoti bii. Isunthireni kunja ndi kachitsulo kogwirizira, mupendeketse kuti khoma lingooneka m'mphepete mwa chithunzi. Pa chifukwa chomwecho pewani zija zokhala m'galasi lozungulira, amati dome. Fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala likamata pagalasipo, usiku chithunzi chonse chimachita chifunga. Tengani za turret, zooneka ngati mpira wopanda galasi lophimba. Akangaude nawo amakonda kumanga kutsogolo kwa kamera chifukwa nyali imaitana tizilombo, ulusi umodzi wokha umawala n'kuphimba zonse. Kamodzi pamwezi muzipukuta ndi kansalu kofewa komanga kundodo.

Amisiri ena amachedwetsa shutter, nthawi imene kamera imatenga potola chithunzi chimodzi, kuti usiku chithunzi chioneke chowala bwino. Bwalo lopanda munthu limakongoladi, koma munthu akangoyenda amasanduka utsi. Ndiye musamalize kulipira masana. Kukada, mmodzi wa anyamata avale kapu, alowe pageti akuyenda mwachangu, inu mubweze kanemayo n'kuimitsa. Ngati nkhope ya mwana wanu yemwe simukuizindikira, ya mlendo simudzaizindikira. Mmisiri akweze shutter ifike cha pa 1/100 ya sekondi, ndipo ngati kwada kwambiri muonjezere getsi la LED pageti. Geti lanu likuoneka kuti layang'ana kum'mawa, ndiye kamera yake ikhale ndi WDR ya 120dB, nzeru yolinganiza powala ndi pamdima, apo ayi m'mawa dzuwa likakhala kumbuyo kwa munthu muzingoona chithunzithunzi chakuda.

Tibwere ku magetsi, poti zonsezi popanda magetsi ndi zokongoletsa khoma. Kamera imodzi usiku imadya mawati 5 mpaka 8. Bokosi ndi disiki yake 10 mpaka 15. Rauta pafupifupi 10. Zonse pamodzi tiyike 50. Magetsi akathima maola 10 ndiye kuti mukufuna 500Wh. Ka UPS, kabokosi kosungira magetsi a kompyuta kaja, kamakhala ndi batire la 12V 7Ah, lomwe ndi 84Wh chabe, likakwanitsa ola limodzi mwachita mwayi. Batire la 12V 100Ah lili ndi 1200Wh. Likakhala la gel kapena la asidi muzigwiritsa theka lokha kuti lisafe msanga, ndiye 600Wh, mwangokwana pang'ono. La lithium mumatha kutapamo 80 peresenti kapena kuposa. Poti inu muli kale ndi sola, chofunika n'choti bokosi ndi rauta zikhale pa soketi ya inveta imene simaithimitsa pogona. Ndipo muwerengere kuti furiji isamalize batire pakati pa usiku, chifukwa nthawi ya 2 kapena 3 koloko mbandakucha ndi imene makamera akufunika kwambiri. Ubwino wa PoE ndi umenewu, mukadyetsa bokosi lokha, makamera onse adya.

Mvula ya kuno imabwera ndi ziphaliwali, kuyambira Novembala mpaka Malichi, komanso magetsi akamabwerera nthawi zina amabwera ndi mphamvu. Ikani surge protector, kachipangizo koteteza ku mphamvu yopitirira ya magetsi, pasoketi ya bokosi, ndipo wamagetsi ayeze ngati earth ya nyumba ili bwino, chifukwa popanda earth kachipangizoko kalibe kotayira mphamvuyo. Kamera ikakhala pamtengo wachitsulo kutali ndi nyumba, waya wakenso aikidwe chotetezera chake.

Disiki ikhale yopangidwira makamera, WD Purple kapena Seagate SkyHawk, ndipo muione ndi maso asanaitsekere m'bokosi, chifukwa pena amaikamo yakale yochotsa m'kompyuta. Mukatchera H.265, njira yochepetsera kukula kwa kanema, kamera ya 4MP pa 2Mbps imadzaza pafupifupi 21.6GB patsiku. Makamera 4 ndi 86GB, ndiye disiki ya 2TB ikusungirani masabata atatu ndi masiku pang'ono isanayambe kufufuta zakale. Izijambula usana ndi usiku osalekeza. Bokosilo musaliike pansi pa TV pabalaza, wolowa m'nyumba amayamba kunyamula lomwelo. Libisike m'kabati yokhoma yopita mphepo. Musaliike mu siling'i pansi pa malata, kutentha kwa mu Okutobala kumapha disiki.

Kujambula sikufuna intaneti. Intaneti imafunika pokhapokha mukamaonera pafoni muli kutali, kudzera pa pulogalamu ya pafoni, Hik-Connect kwa Hikvision kapena DMSS kwa Dahua. Muzionera pa chithunzi chopepuka, chimadya cha m'ma 230MB pa ola pa kamera imodzi, mukatsegula cha HD bandulo ya Econet kapena NetOne siichedwa kutha. Akauntiyo itsegulidwe ndi imelo yanu kapena nambala yanu, osati ya mmisiri, ndipo akangochoka musinthe pasiwedi. Bokosi likamangika ku akaunti ya munthu wina, kulimasula n'kovuta, komanso munthuyo amatha kumaona pakhomo panu ali kwawo. Nthawi itcheredwe pa GMT+2, chifukwa kanema wolemba tsiku lolakwika amavuta kupolisi.

Kuti foni isamalire usiku wonse chifukwa cha mphaka kapena nthambi za mtengo wa mapeyala uja, tengani makamera osiyanitsa munthu ndi galimoto ku zinthu zina, AcuSense kwa Hikvision, WizSense kwa Dahua. Mumajambula mzere pachithunzi motsata pamwamba pa mpanda, munthu akaudutsa foni imalira. Muitchere kuti izilira kuyambira 10 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa, masana ikhale chete, apo ayi mutopa nayo n'kuithimitsiratu.

China, kamera ya m'kanjira isasuzumire pabwalo kapena pawindo la aneba. Zimbabwe ili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Cyber and Data Protection Act la 2021, komanso zimangoyambitsa mkangano. Mu bokosi muli njira yodetsa mbali imeneyo ya chithunzi, mmisiri aikonze. Ndipo anyamata asamathamangire kuponya makanema a anthu odutsa pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp, chikachitika chinthu mukopere pa flash mupite nayo kupolisi.

Musanapereke ndalama kwa aliyense, mawa mutenge tepi muyeze zinthu zitatu. Kuchoka pakona ya nyumba kukafika pageti, kutalika kwa kanjira ka m'mbali, ndi kuchoka pomwe mukufuna kubisa bokosi kukafika kukona yakutali kwambiri. Mujambulenso chikwangwani cha pa inveta ndi cha pa batire. Mukatumiza zimenezo ndikulemberani lenzi ya kamera iliyonse ndi mamita a waya, kuti mupite nazo kushopu zolembalemba.