Mbuzi ya mkaka ndi msipu wa mvula yoyamba

Achemwali, mwati mbuzi yanu ya mkaka, ya tiana tiwiri ija, ikutupa mimba ikadya msipu. Mbuzi yanuyo musaitulutsenso m'mawa, chonde. Mimba ikutupa choncho chifukwa chizimalupsa chagwa, msipu waphuka m'mbali mwa dimba, ndiye mbuzi yomwe yatha chilimwe chonse ikudya mapesi ndi makoko a nandolo ikungomeza udzu wanthete wonyowa ndi mame, m'mimba mulibe kanthu. Msipu wotere umachita thovu m'chifu, mbuzi imalephera kugeya, mpweya n'kudzadza. Lero yaphwa yokha, mawa mwina siiphwa.

Tsiku loipalo zimayenda chonchi. Kumanzere, kuseri kwa nthiti, kumatupa mpaka kuposa msana, mukagogoda kumalira ngati ng'oma. Imasiya kubzikula, imakukuta mano, imadzimenya pamimba ndi mwendo wakumbuyo, khosi ili tambasu kufuna mpweya, dovu likuchucha. Ikangogona cham'mbali nthawi yatsala pang'ono, tiana tiwirito titsala tikulira pakhola. Musalole igone. Iimitseni miyendo yakutsogolo ili pamalo okwera, pachulu kapena pa sitepe ya khonde. Tengani mafuta ophikira pafupifupi 100 ml, muthire ndi kabotolo kapena sirinji yopanda singano cham'mbali mwa kamwa, pang'onopang'ono, izimeza yokha. Mutu musaukweze kwambiri ndipo lilime musaligwire, chifukwa mafuta akalowa m'mapapo ndiye mwaipha ndi chibayo. Sisitani kumanzereko mwamphamvu, iyendetseni. Ikani kamtengo mopingasa m'kamwa, mumange ndi chingwe kuseri kwa makutu, kuti izitafuna, malovu azituluka ndipo izigeya. Mphindi 30 zikadutsa osasintha, imbirani alangizi a ziweto. Kuboola pamimba ndi ntchito yawo, osati ya mpeni wa kukhitchini.

Amandinyansa ndi mavenda aja oyala mankhwala padzuwa tsiku la msika. Mapiritsi ali m'kapepala kopanda dzina, tsiku lothera mphamvu palibe, koma amati amachiza chilichonse kuyambira kutupa mpaka nkhupakupa. Ena amauza anthu kuti imwetseni palafini kapena kachasu. Mbuzi ikafa sabata yotsatira simuwapezanso pamalo paja! Ndi anthu omwewa amagulitsa mbuzi iliyonse yoyera kuti ndi Saanen, mtundu wa mbuzi za mkaka wambiri, koma mukafika nayo kunyumba mkaka osadzadza ndi kapu yomwe.

M'mawa muziyamba mwaipatsa chakudya chouma m'khola, mapesi, masangwe a mtedza kapena udzu wouma. Izituluka mame atauma, cha m'ma 10 koloko, tsiku loyamba ola limodzi lokha, n'kumawonjezera kwa sabata ziwiri. Madeya kwa mbuzi yokamidwa asapose theka la kilogalamu patsiku, mugawe kawiri, ndipo thumba lake likhale kotseka chifukwa ikaliba n'kudya yokha imatupanso. Madzi ndi mchere wonyambita zisasowe. Zotsala za kudimba ndi zabwino koma si zonse: kholowa mumufotse kaye pamthunzi, masamba a chinangwa ayanikeni tsiku lathunthu poti aawisi ali ndi poizoni, makamaka chinangwa chowawa, lukina asapose gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya. Masamba a kabichi amatupitsa akachuluka, ndipo omwe mwangopopera mankhwala musayese n'komwe.

Mvula ya kuno ku Mulanje ndi Thyolo mukuidziwa, nthaka siichedwa kunyowa, ndiye pakangotha sabata zitatu njoka za m'mimba zimayamba. Muzitsegula chikope cha m'munsi: chikakhala chofiira ili bwino, chikayera kapena pansi pa chibwano pakatupa, magazi akutha. Mankhwala mugule kusitolo yovomerezeka, mulingo uyendere kulemera kwa mbuzi. Mankhwala a njoka otchedwa Albendazole musaipatse mbuzi yomwe yangotenga bere kumene. Mkaka musamwe kapena kugulitsa mpaka masiku olembedwa pabotolo atakwana.

Kunena zoona, ndi minda yathu yaing'onoyi yopanikizika ndi tiyi, mbuzi ya mkaka siyofunika kutuluka n'komwe. Imangireni khola la m'mwamba, pansi pakhale timipata togwetsa ndowe, muzidula nsenjere n'kuimangirira m'mwamba kuti isaponde. Njoka zimachepa, mkangano wa mbuzi yadya ndiwo za aneba umathanso, ndowe mukazisiya ziwole miyezi iwiri kapena itatu zikupita kudimba komweko. Komabe musaitsekere mpaka kalekale, ziboda zimakula n'kupindika ndipo imayamba kutsimphina. Masana dzuwa likawala iziyendako pabwalo, pachingwe, kutali ndi dambo.