Kodi makina osefa madzi olumikizana ndi foni ndi oyenera mtengo wake?

Mayi ena a ku Area 25 mu Lilongwe anditumizira imelo. Akufuna kugula makina osefa madzi akumwa a pakhomo, ndipo m'sitolo apeza mitundu iwiri. Ena ndi wamba, enawo ali ndi kasikirini, amalumikizana ndi foni pa Wi-Fi, mtengo wakenso ndi wokwera. Ali ndi ana aang'ono, ndiye akufunsa ngati kuwonjezera ndalamazo n'kwanzeru.

Zikomo amayi chifukwa cha funso lanu. Mwa zinthu zomwe ogulitsa amazitcha "smart", zilipo zochepa zomwe ndingalipire mosanyinyirika. Zambiri sizisintha kanthu pa madzi omwe ana anu amwe.

Ndiyambe ndi nambala ya pasikirini ija, chifukwa ndi yomwe imandidetsa nkhawa. Amaitcha TDS. Makina amayeza mmene magetsi akudutsira m'madzi, n'kuyerekeza kuchuluka kwa mchere ndi zina zosungunukamo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati madzi osapitirira mamiligalamu 600 pa lita amakoma bwino, ndipo akadutsa 1,000 amayamba kuvuta kumwa. Imeneyi ndi nkhani ya kakomedwe basi. Tizilombo toyambitsa kolera kapena tayifodi nambalayi siitiona n'komwe, moti madzi akhoza kuonetsa 50 ali ndi matenda. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, choncho sindifuna kuti kholo lione nambala yotsika n'kukhazika mtima pansi. TDS imathandiza makina akakhala a RO, omwe amachotsa mchere, monga kwa omwe amatunga pa mijigo ya madzi amchere ya ku Chikwawa ndi Nsanje. Nambala ikayamba kukwera, ndiye kuti sefa yaikulu yatopa. Komabe kachipangizo koyezera TDS ka m'manja, kotchipa, kamagwira ntchito yomweyo.

Chomwe ndingalipire ndi alamu ya babu la UV. Babuli limapha tizilombo ndi kuwala komwe maso athu sakuona, ndipo mphamvu yake imatsika pakatha pafupifupi chaka ngakhale likuonekabe ngati likuyaka. Likafa, madzi sasintha maonekedwe kapena kakomedwe, inu simungadziwe. Makina omwe amalira komanso kutseka madzi babu likafa kapena magetsi akazima akukutetezani ku ngozi yobisika. Ndi mmene magetsi amazimirazimira kwathu kuno, ichi n'chofunika kwambiri.

Chizindikiro chokumbutsa kusintha masefa n'chabwinonso, koma afunseni ogulitsa: kodi chimawerenga masiku kapena malita omwe adutsa? Chowerenga masiku sichisiyana ndi kulemba tsiku pa kalendala ya kukhitchini. Chowerenga malita ndiye chimadziwa ngati banja lanu ndi la anthu atatu kapena khumi. Ngati makinawo adzakhala pansi pa sinki, kachipangizo kotseka madzi akayamba kudontha kadzakupulumutsirani makabati.

Nanga Wi-Fi? Imafuna intaneti ya m'nyumba ndi bandulo, ndipo zomwe imakuuzani pafoni ndi zomwe kanyali kofiira ka pa makina kakanakuuzani muli chiimire pomwepo. Kampani ikadzasiya kusamala pulogalamu ya pafoniyo, mbali imeneyo yatha ntchito. Imathandiza mwini loji kapena ofesi yemwe sakhala pamalopo, koma inu mumalowa m'khitchini tsiku lililonse.

Pali msampha umodzi woti musamale nawo. Makina ena amakono amakana sefa yomwe si ya kampani yawo, chifukwa sefa iliyonse imakhala ndi kachip kake. Masefa amachokera kunja, ndipo ndalama zakunja zikasowa katundu wotere amazimirira m'masitolo. Mukhoza kutsala ndi makina okongola osatulutsa madzi. Musanalipire, awuzeni akuonetseni masefa osinthira omwe ali nawo pashelefu, akuwerengereninso mtengo wake wa chaka chonse. Masefa ochotsa matope ndi a makala amafuna kusintha pakatha miyezi 6 mpaka 12, pomwe sefa ya RO imakhala zaka ziwiri kapena zitatu. Ndalama zenizeni zimathera pamenepo.

Ngati madzi anu ndi a kumpopi, othiridwa kale klorini ndi a Lilongwe Water Board, n'kutheka kuti RO simukuifuna n'komwe. Imataya madzi ambiri, makina ena malita atatu pa lita imodzi yomwe mwamwa, ndipo zonsezo zimalowa pa bilu. Sefa ya matope, ya makala ndi UV yokhala ndi alamu zikukwanirani, ndalama ya Wi-Fi ija mugulire masefa a chaka chamawa. Dziwaninso kuti sefa ya makala imachotsa klorini, ndiye madzi osefedwa muziwasunga m'chidebe choyera chovundikira, osaviikamo kapu. Tsiku lomwe magetsi azima, ana muziwapatsa madzi owiritsa kapena othira WaterGuard.